Nambala Yabwino

"Mwandida Sakala!"

Namwino anaitana kawiri, mayi wa chitenje chobiriwira asanadzidzimuke n'kuimirira. Maso ake anali pawindo, kuyang'ana wilibala yomwe anaisiya pansi pa mtengo wa mango panja pa kiliniki.

Analowa atafumbata buku la kuchipatala lomwe linali litatha m'makona. Chimene anadzera chinali chimodzi: kapampu kabulauni kopopera m'kamwa, kamene kamaletsa mphumu isanayambe. Kabuluu, kongotsegula chifuwa chikabanika, kanali katasiya kuthandiza.

Namwino Chimuka anatsegula bukulo. Linali litayenda kuposa kondakitala wa minibasi. Pa kiliniki yolipira ya ku Kafue Estates anayeza mphamvu ya mpweya napeza 190. Anati nambalayi yachepa, nkhani iyi ndi ya chipatala chachikulu. Ku chipatala chachikulu ku Lusaka anapeza 150, anapereka mpweya wa pamakina, kenaka analemba kuti mankhwala akatengedwe pa kiliniki ya kufupi ndi kwawo. Aliyense ankayeza, n'kupukusa mutu, n'kuloza khomo lina.

Mayiyu sanapite patali ndi sukulu, koma mayeso ankawadziwa. Wopeza malikisi ochepa sapatsidwa kanthu, amabwezedwa. Maulendo awiri obwerako chimanjamanja anali atamuphunzitsa zimenezo. Lero sanafune kulephera.

"Usiku mugona bwanji, amayi?" anafunsa namwino.

"Nigona chabe bwino, ba sisita."

"Mukayenda mtunda, befu?"

"Awe. Nachoka ku Nangongwe na mendo."

Namwino anatenga kachipangizo koyezera, kokhala ngati kachitoliro ka pulasitiki, n'kubwezera muvi wake pansi.

"Imilirani. Kokani mphepo maningi, muuzire kamodzi na mphamvu."

Mayiyo anakoka mpweya mpaka mapewa kukwera, nauzira ngati akukoleza mbaula ya makala onyowa. Muvi unathamanga n'kukaima pa 410. Kachiwiri 420. Kachitatu anatseka maso, anatchula dzina la Yesu chamumtima, muvi unafika pa 430.

Namwino anayang'ana buku, anayang'ana mayiyo, anamvetsera pachifuwa. Munalibe kaphokoso ngakhale pang'ono. Kunja mzere unali utafika pageti, ndipo namwinoyo analibe nthawi yodabwa kawiri.

"Iyi ni nambala yabwino maningi," anatero akumwetulira. "Kuchoka pa 150! Mulungu ni wabwino."

Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, mtima wa mayiyo unakhala pansi. Anatambasula manja awiri mwaulemu.

Namwino anangoikamo buku lija.

"Tumapampu twa bulauni twasala tutatu chabe. Tusungila baja bodwala maningi, bamene nambala ili pansi pa 200. Imwe muli bwino. Mukabwere pakapita miyezi sikisi."

"Ba sisita, nipempha..."

"Osadandaula, amayi, mwapola. Wina alowe!"

Mayiyo anafumbata bukulo. Akanena zoona, anaganiza, amutcha wakuba mankhwala a boma, dzina lifufutidwe m'kaundula. Anachita mantha, ndipo manthawo anamutulutsa m'chipindamo.

Panja mphepo ya Ogasiti inkaulutsa fumbi kuchokera kumafakitale. Anayenda pang'onopang'ono kupita pansi pa mango paja, buku lili lende m'dzanja. Sanathamangire, chifukwa analibe choti akapereke.

Mu wilibala, bulangete linagwedezeka. Kulira kwa chifuwa kunkamveka munthu ali patali, ngati ketulo yowira. Mkulu wake, Mwandida, mwini weniweni wa dzina ndi buku lija, anadzutsa mutu movutikira, milomo itachita phulusa.

"Olipa... wakhoza?"

"Nakhoza, ba sisi," anatero Olipa, misozi ikugwera pa bukulo. "Nakhoza maningi."