Denga la a NyaJere

Mtolo wachitatu wa udzu utagwera pansi, a NyaJere anadziponyanso pafumbi.

"Lekani! Ndapota ŵana ŵane, lekani!"

Linily anatsika pamakwerero n'kukawadzutsa. Mawu okhawo ndi amene ankawamva. Otsatirawo ankatuluka mothamanga, Chitumbuka cha m'kamwa mopanda mano, moti iye, mwana wa ku Ntcheu, ankangotolapo "nyumba" ndi "malata" basi.

Anabwera ophunzira khumi ndi awiri kuchokera kuyunivesite kudzathera tchuthi ku Engutwini, kudzagwira ntchito yongodzipereka. Omva Chitumbuka onse anawatumiza kusukulu ya pulayimale kukathandiza ana a mayeso. Linily, wophunzira unamwino, ndi anyamata atatu anapatsidwa nyumba ya mayi wamasiyeyu kuti asasule udzu ndi kukhoma malata mvula isanagwe. Malatawo anawavutikira potsuka magalimoto mtauni Loweruka lililonse, miyezi inayi yathunthu.

Dengalo linalidi lotha. Ukaima m'kati unkaona mitambo ikudutsa. Zipupa zinali mizeremizere ya madzi a chaka chatha, ndipo mphasa inali itawola mbali imodzi.

"Musadandaule, sisita," anatero Bestone, mwana wa mlamu wawo wa a NyaJere, bambo wandevu amene ankawamasulira. "Mutu wawo unasokonezeka chomene chimwalirireni bambo aakulu. Akuganiza kuti ndinu akuba udzu. Mawa mbwenu aiwala."

Koma mawa lakelo sanaiwale. Ophunzirawo atafika anapeza a NyaJere atakhala pamulu wa malata, atatambalala, ndodo ili pamiyendo. Bestone anachita kuwanyamula ngati khanda, akuwanyengerera, iwo akumumenya zibakera zopanda mphamvu pachifuwa.

Linily anawazindikira matendawo. Anali atawaphunzira teremu yapitayo: kuiwalaiwala kwa ukalamba, kukayikira aliyense, kuda kwambiri munthu amene akukusamala. Anakumbukanso zimene mphunzitsi wawo ananena, kuti mankhwala ochiritsiratu palibe. Zimene zinali m'buku zinali pamaso pake, koma bukulo silinanene chochita munthu wamkulu akamakugwira mwendo akulira.

Anayesa zonse. Anawayeza kuthamanga kwa magazi. Anawaphikira tiyi wa mkaka, iwo anangomuyang'ana mpaka anazizira. Anakhala nawo pansi pa mtengo wa mango pamene anaunjika katundu wawo, n'kumalankhula ndi manja: zala zikutsika ngati mvula, chikhatho chikutchinga mutu. A NyaJere anagwedeza mutu kuvomereza kuti inde, imadontha. Kenako analoza malata aja n'kupukusa mutu mwamphamvu, misozi ikutsika m'makwinya.

Tsiku lachinayi misomali inasowa. Anaifunafuna mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kukaipeza m'khola la nkhuku, itakulungidwa m'chitenje. Anyamata anaseka mpaka kugwira nthiti. Linily sanaseke.

"Bwanji tingosiya?" anafunsa. "Munthu sakufuna."

"Tisiye bwanji denga titasasula kale?" anayankha mmodzi wa anyamatawo. "Taona kumwambaku. Ukufuna agone pamvula?"

Kumadzulo kunali kutayambadi kuda. Kusiya kunali kuwapweteka mayiwo, kupitiriza kunalinso kuwapweteka. Linily anatola hamala n'kukweranso.

Chimene chinkamutonthoza ndi Bestone. A NyaJere analibe mwana wamoyo, koma bamboyu ankaposa mwana wobala. Ankafika ophunzirawo asanafike. Ankasenza matabwa awiriawiri, kuwongola misomali yopindika, ndipo lata likakhota pang'ono ankalikhomola yekha n'kulikhomanso. Masana ankabweretsa phala la mayiwo, ngakhale iwo ankalikankhira kutali. Linily ankati mumtima, achibale otere masiku ano ndi osowa.

Kuyambira tsiku lachisanu a NyaJere anasiya kukuwa. Ankangokhala pansi pa mango paja, maso ali padenga, milomo ikugwedera. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka Linily kuposa kulira kuja. Hamala ikagunda lata, iye ankaona mapewa a mayiwo akunjenjemera.

Lata lomaliza linakhomedwa Lachiwiri m'mawa. Denga linanyezimira mpaka kuthobwa m'maso. Anajambulitsa zithunzi pakhonde, Bestone ali pakati, koma mwini nyumba anakana kudzuka. Masana minibasi yodzawatenga inafika. Dalaivala wake, a Zondwayo a ku Jenda, munthu waimvi, anayamba wapita kukagwada pansi pa mango kupereka moni monga mwa ulemu.

A NyaJere anawagwira dzanja osalisiya. Analankhula nawo m'Chitumbuka nthawi yaitali, motsitsa mawu. Linily anayandikira ndi chikwama chake kumsana.

"Bambo, ndithandizeni kuwatsanzika," anatero. "Muwauze kuti sitinafune kuwakhumudwitsa. Mvula ikagwa adzaona okha. Ndipo a Bestone ndawapempha kuti akawaonetse kuchipatala ku boma, mwina angapatsidwe kenakake kokhazika mutu pansi."

A Zondwayo anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'maondo. Anayang'ana denga, anayang'ana Bestone amene ankasesa pakhonde akuimba mluzu, kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Mwanawe, mutu wa mayiwa uli bwinobwino," anatero. "Akuti amuna awo atamwalira, achibale akuchimuna anawasiyira nyumbayi chifukwa inkadontha, panalibe woifuna. Anawauziratu kuti tsiku limene idzakhomedwe malata mudzalowa Bestone ndi mkazi wake, iwo azibwerera kwawo kumene anachoka ali mtsikana. Akufunsa ngati m'galimotomu muli malo."