Wometa Tsitsi ndi Pulasitala Yosamukasamuka

Panali bambo wina wometa tsitsi, munthu wa pakamwa, woti akayamba nkhani umaiwala kuti wakucheka khutu. Nthawi ya mliri wa chifuwa uja, mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo anali pafupi kukwatiwa. Ku ukwatiko analola anthu makumi awiri okha, ndipo aliyense amayenera kuyezedwa kutentha kwa thupi pakhomo.

Mwanayo anachonderera: "Ababa, inu mumapumirana ndi anthu tsiku lonse. Kabayitseni katemera wa chimfine. Sateteza ku mliri, koma masiku ano mukangotsokomola palibe amene akufunsa kuti ndi chifuwa chanji, amangokutsekerani. Ndikufuna mudzandipereke ndinu."

"Usadandaule mwanawe, mawa lomweli," anatero bamboyo.

Koma munthuyu, wogwira lezala tsiku ndi tsiku, jakisoni ankamuopa ngati njoka. Atafika kuchipatala anangoona namwino akukoka mankhwala, miyendo n'kubwerera yokha. Anagula thonje ndi pulasitala, n'kudzimata pamkono. Kunyumba ndiye kubuula kwake, ngakhale kapu ya madzi ankachita kumunyamulira.

Tsiku lachiwiri mkazi wake anamuyang'anitsitsa.

"Bambo a mwana, dzulo anakubayani kumanzere. Lero bala lasamukira kumanja?"

"Ndi mmene umadziwira kuti mankhwala akuyenda m'thupi," anayankha maso ali gwa.

Mayi aja anangopukusa mutu.

Sabata ya ukwati, kasitomala wina anamuyetsemulira kumaso akumumeta ndevu. M'mawa wa tsiku lenilenilo thupi linali moto. Mukuganiza anagonja? Ayi ndithu. Anavala suti yake, n'kukanikiza botolo la madzi oundana pachipumi njira yonse, ati kupusitsa woyeza.

Pakhomo, mlonda analoza kachipangizo kake koyezera kutentha pachipumi chija. Anakayang'ana, anakagwedeza, n'kulozanso.

"Bwana, malinga ndi kachipangizoka, inu munamwalira kale. Takhalani pampandopa mphindi zisanu, tione ngati muuke."

Anaukadi, mpaka kupitirira. Manambala anakwera, kachipangizo kanalira, ndipo chifuwa chimene ankachimeza chiyambire m'mawa chinaphulika pamaso pa akuchimuna onse. Anthu anabalalika ngati nkhuku.

Anamutengera kuchipatala, n'kumutsekera m'chipinda cha yekha. Namwino atafunsa za katemera, bodza linathera pomwepo, mkazi wake akumva pazenera. Zotsatira zinatuluka patatha masiku awiri: sunali mliri, chinali chimfine wamba. Apo n'kuti mkwatibwi ataperekedwa kale ndi mlamu wake wa bamboyo, munthu amene sanapatsane naye moni zaka zisanu.

Mwana uja anaimba foni tsiku lachitatu. Bambo anayamba kufotokoza za kasitomala wopanda mwambo.

"Ababa," mwanayo anawadula pakamwa, "pa ukwati wanga wonse ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Kenako anadula foni.

Phunziro: Jakisoni amawawa kamphindi, koma pali masiku ena amene sabweranso kawiri. Nthawi ya mliri musasewere ndi chimfine, kabayitseni zenizeni, osati zomata. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene mumawakonda, makamaka madoda aja oti akaona singano amakumbukira kuti anasiya chitseko chosakhoma.