Abel Anafika Mochedwa

Philimon Daka anali atatuta kale mabenchi ku tchalitchi, atakambanso ndi okumba manda, pamene anzake a ku yunivesite anayamba kufika pa nyumba ya maliro ku Bwacha, m'tauni ya Kabwe. Munali mu 1990. Zaka makumi awiri zinali zitadutsa chilandirireni madigiri awo ku Lusaka, ndipo ena anali asanaonanenso.

Anakhala pansi pa tenti n'kuyamba kufunsana za moyo. Febian tsopano anali bwana ku njanji, mimba ili patsogolo. Phyllis anali atangobwera kuchokera ku Botswana kumene amaphunzitsa. Ukwati wake unatha, koma ana anali ku koleji. Mnzawo wina anafa pa ngozi ya basi. Wina amaphunzitsa ofuna unsembe ku Mpima.

"Nanga iwe, Philimon?" anafunsa Phyllis.

"Ndigulitsa makala ku Makululu."

Phyllis anayamba kuseka, koma ataona zikhadabo zakuda za mnzakeyo anasiya.

Kale Philimon anali mphunzitsi wamkulu wa sekondale. Tsiku lina anakana kutseka sukulu kuti ana akaime padzuwa kuvinira mlendo wa chipani. Sabata isanathe anamuchotsa ntchito, ndipo panalibenso sukulu imene inafuna kumva dzina lake.

Omwalirawo anali amayi a Abel Njobvu. Abel ndi Philimon anakulira limodzi, makolo awo onse ochokera ku Petauke, abambo awo onse a mumgodi. Ku yunivesite ankagona chipinda chimodzi, kubwerekana nsapato. Abel anaphunzira zamalamulo n'kupeza ntchito mu ofesi ya boma ku Lusaka. Choncho atachotsedwa ntchito, Philimon anapita kwa iye.

"Isiye m'manja mwanga nkhaniyi," anatero Abel tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo zii. Philimon atabwererako, kalaliki anamuuza kuti bwana anawasamutsa, ndipo anayankhula osamuyang'ana n'kumaso komwe. Akafunsa amayi a Abel, yankho linali limodzi: "Ali ndi a boma, mwanawe. Usamufunefune."

Zoti Abel anamutaya, Philimon anazimeza. Chimene sichinatsike pakhosi ndi cha amayiwo. Atafa ziwalo mbali imodzi, amene ankawasambitsa anali Emelda, mkazi wa Philimon. Amene ankawakankha pa njinga ya makala kupita nawo ku chipatala anali Philimon. Abel, mwana wawo mmodzi yekhayo, sanaonekeko, ngakhale kutumiza sopo.

"Ndinamva kuti anamukweza," Febian ananong'ona. "Ali ku maofesi aja satchulidwa dzina."

"Akwere mpaka kumwamba," anatero Philimon. "Lero akabwera andimva."

Bokosi linali litatulutsidwa panja, anthu atayamba kuona nkhope, pamene galimoto ya boma inaima pa geti. Munatsika amuna awiri a masuti, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Abel anatsika pang'onopang'ono. Tsitsi linali litachita imvi, koma kayendedwe kanali komwe kaja, mutu uli m'mwamba. Amuna aja anamuika pakati.

Azibambo anaimirira. Febian anathamangira kutsogolo, dzanja lili patali, akumwetulira ngati wafika kwa apongozi. Abel anangogwedeza mutu n'kudutsa. Phyllis anamuitana dzina. Abel anamuyang'ana pang'ono, osaima. Mkulu wa mpingo anatambasula manja onse awiri, nayenso anatsala ali chitambasulire. Manja a Abel anali kutsogolo, pansi pa jasi lopinda, ndipo sanawatulutsire munthu aliyense.

Pa bokosi anaima chilili. Sanawagwire amayi ake pamphumi. Misozi inatsika, iye osaipukuta. Azimayi a kwaya anali asanamalize ndime pamene mmodzi wa amuna aja anayang'ana wotchi n'kumukhudza paphewa. Abel anatembenuka kulowera ku galimoto.

Philimon anakankha benchi n'kukaima pakati pa njira.

"Ukupita kuti?"

Nyimbo inazima.

"Philimon," anatero Abel motsitsa mawu.

"Usanditchule. Amayi ako afa akuyang'ana ku chitseko. Zaka zisanu ndi chimodzi, Abel. Mkazi wanga wawachapira zoipa, iwe uli pa mpando wofewa. Lero wabwera ndi agalu ako, ndipo ngakhale kumanda sufika? Za ine ndinaiwala, unandigulitsa, zinatha. Koma awa anakubala."

"Bambo, patukani," anatero mmodzi wa amuna aja.

"Sindipatuka. Mundimange ngati mufuna. Dothi la amayi ake aponye ndani, ine?" Anatembenukiranso kwa Abel. "Manja athu akununkha makala eti? N'chifukwa chake sungapereke moni? Undipatsa moni lero, pamaso pa anthu onsewa."

Emelda anamukoka malaya kumbuyo, koma Philimon anamusasa. Anagwira jasi lija n'kulikoka ndi mphamvu zake zonse, n'kuliponya m'fumbi.

Manja a Abel anali m'unyolo. Pamene chitsulo chinkakhudza, khungu linali loyera ndi zipsera zakale.

"Nkhani yako ndinaifunsa, Philimon, ndipo yankho lake ndi ili," anatero Abel. "Zaka zonsezi ndili konkuno ku Kabwe, m'ndende. Dothilo ukandiponyere."