Kamzere pa Fupa la Kogarashi

"Musadziimbe mlandu, adokotala," anatero a Shiraishi, ophunzitsa mahatchi, akuika karoti pamwala wokumbukira mahatchi akufa. "Makina ojambulira mafupa aja ndi amene anatinamiza."

Lachitatu lapitalo, Dokotala Kuramochi atajambula mwendo wa hatchi yotchedwa Kogarashi, anaona kamzere ngati mng'alu pa fupa. Koma a Shiraishi anali kumbuyo kwake, akusangalalira mpikisano wawo womaliza asanapume pantchito.

"Ili bwinobwino," Kuramochi anawauza tsikulo.

Lamlungu Kogarashi anathyoka mwendo pokhota pampikisanowo, ndipo jakisoni womupha anabaya ndi Kuramochi yemweyo.

"Ndawalembera akuluakulu kuti makinawo achotsedwe," anapitiriza a Shiraishi, akumuweramira mwaulemu. "Ndawauzanso kuti makina atsopano asawagwire wina koma inu. Maso anu ndimawakhulupirira."