Zikhomo Zonyezimira

"Zalowa zokha, apongozi, osachita kukhoma!" anatero mkamwini, akuponya zikhomo zachitsulo zatsopano m'mabowo a tebulo lopalirapo matabwa lomwe linali m'shedi mwake. Ntchito ya zikhomozo inali kugwira thabwa kuti lisasunthe.

Apongozi akewo, kalipentala wakale, anakhudza chikhomo chimodzi ndi chala. Chinangoti gwedegwede.

"Mabowowa ndinaboola ndekha, ndi aakulupo. Makina akagunda thabwa, izi zizuka. Ikani zamtengo zija ndinasema."

"Zakuda ngati makala zija? Tebuloli munandipatsa, bambo. Tsopano ndi langa."

Mkuluyo anatuluka m'shedimo pang'onopang'ono, n'kukapeza mwana wake, mkazi wa mkamwiniyo, akuyanika zovala.

"Tenga nsalu yoyera uike pafupi. Uimbirenso wa takisi uja, abwere pompano."

"Mukupita kuti, bambo?"

"Ine ayi."

M'shedi muja makina anayamba kulira, thabwa likumveka kunjenjemera patebulo. Mkuluyo anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba, n'kusisita pamene kale panali zala ziwiri.

"Nanenso apongozi anga anandiuza," anatero chapansipansi, khutu lili kushedi.