Chizindikiro Chakhumi

Kunja kutada, anzake onse ataweruka, wojambula nyimbo anatsala yekha mu situdiyo, chitseko atakhoma. Ankafuna kumaliza chimbale cha nyimbo za malemu mkazi wake, choti akapatse mwana wawo wamkazi m'mawa mwake.

Mayiyo anali ndi kachitidwe kake. Akatsiriza nyimbo ankaomba m'manja kamodzi, kuti mwamuna wake asavutike kupeza podulira. Pakompyuta kuombako kunkaoneka ngati kaminga, ndipo pa kaminga kalikonse bamboyo anaikapo chizindikiro. Nyimbo zinali zisanu ndi zinayi, zizindikironso chimodzimodzi.

Nyimbo yomaliza inali ndi phokoso la mvula padenga. Anaitsegula m'pulogalamu ina yochotsera phokoso, n'kuikonza, n'kubwerera. Anapeza zizindikiro zakwana khumi. Chakhumicho chinali kutsogolo, pamalo pamene sanajambulepo kanthu.

"Ukalamba uwu," anadziseka yekha. Anachifufuta, koma chinabwerera pomwepo.

Anavala mahedifoni n'kudina pamenepo. Poyamba anamva kulira kwa mpando, womwewo anakhalirawo. Kenako kunamveka mawu amene anakhala nawo m'nyumba zaka makumi awiri.

"Bambo ake mwana, yotsala ija simunaijambule. Ndiyambe?"

Mayiyo anaiimba yonse, chapansipansi, ngati woopa kudzutsa khanda. Misozi inatsikira m'khosi mwa malaya, koma bamboyo sanasunthe.

Nyimbo itatha anavula mahedifoni, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. M'chipindamo munali zii.

Kumbuyo kwake, wina anaomba m'manja kamodzi.