Mbale ya Bakali

Chaka cha njala chija, tikudya mango osapsa owiritsa, sadaka ya malemu mlongo wanga Bakali inatipeza tilibe ndi mpunga wodzaza dzanja womwe. Mwana wake Bashir anati, "Azakhali, anthu akabwera mawa, bola adzaoneko nkhope ya ababa."

Kanema wa ukwati wa Bakali anali mukompyuta, koma tivi inkangoonetsa buluu. Bashir anazula chingwe, kuchiuzira, kuchilowetsa bowo lina, koma ayi ndithu.

"Nayonso yagona ndi njala iyi," ndinatero. "Taipatsako bango limodzi lowiritsa."

Sanaseke mwana uja, misozi inali lengelenge. Ndiye kutangoda ndinakabwereka chingwe china kwa a Sellah, aphunzitsi a kuseri kwa msika wa Liwonde.

Pobwera ndinamva munthu akutsokomola m'nyumba. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa ine, tinachikwirira kumanda.

Tivi inali ikuwala. Mutivimo Bakali anali atakhala pamkeka, mbale ya mpunga ili pamiyendo.

"Iwe, yatheka bwanji?" ndinamufunsa Bashir.

"Azakhali," ananong'ona Bashir, "kompyuta ndinazimitsa kale."

Chingwe chakale chinali pansi, chobwereka chili m'manja mwangamu.

Bakali anatiyang'ana mmene tinaondera, napukusa mutu. Kenaka anayamba kukankhira mbale ija kwa ife.